Kaundula wa Fomu 2B

Magetsi azimanso kuno ku Bangwe,
ndiye malikisi ndikuwonkhetsa ndi kuwala kwa foni.
Pepala lochokera ku ofesi ya maphunziro lili ndi mabokosi atatu:
anyamata angati, atsikana angati, akhoza angati.
Bokosi lofunsa kuti chifukwa chiyani
anaiwala kulijambula.

Tinayamba Fomu 1 ndi ana zana limodzi ndi khumi ndi anayi
m'chipinda chomangidwira makumi asanu.
Desiki imodzi, matako anayi,
wachisanu n'kumalembera pa bondo
pafupi ndi zenera lopanda galasi
pomwe chiperoni cha ku Mpingwe chimalowera osaodira.
Atsikana anali makumi asanu ndi limodzi.
Lero ndawerenga ndi chala, ndabwerezanso:
atsala makumi atatu ndi mmodzi.

Asiyatu Twaibu, masamu 84.
Tambala asanalire amakhala ali kale pamzere
pa kiyosiki ya madzi, zigubu ziwiri,
kope m'khwapa, akuloweza ngati akutukwana munthu chamumtima.
Akafika m'kalasi phewa la yunifolomu lili chinyowere.
Pepala likufuna ndilembe kuti: mtsikana, wakhoza.

Kondwelani Namacha, Chingerezi 17.
Chaka chonse anzake ankamuti mbuli,
inenso, ndisaname, ndinaganizapo choncho,
mpaka tsiku lomwe ndinamuona akutsinzinira bolodi
ngati munthu woyang'ana dzuwa.
Mwanayu saona patali.
Mtengo wa magalasi ndi theka la malipiro anga,
ndipo bambo ake amalondera sitolo ku Ginnery Corner
miyezi itatu osalandira.

Ndaziona Mpinganjira.
Dzina lake ndinalidula ndi cholembera chofiira m'mwezi wa Malichi.
Ndiye yekha ankadziwa chifukwa chake dzimbiri limadya malata.
Loweruka ndinamuona pa depoti ya Limbe,
ndowa ya mandasi pamutu, chitenje atamanga m'mwamba.
Anandiona, ndinamuona,
anazemba kuseri kwa minibasi.
Ine ndinayang'ana nsapato zanga.

Kutsidya kwa msewu, pa sukulu ya mpanda wa njerwa,
apachika chinsalu: chaka chatha anakhoza onse.
Inde anakhoza onse,
poti ofooka anawatsanzika mayeso asanafike.
Ena a iwo ndi awa ali m'kaundula wangayu,
ife sitibweza mwana pachipata.
Ahedi akuti m'dera lino tili pa nambala yachisanu ndi chinayi,
tikokere lamba, tiwonjezere makalasi a masana.
Masana ake ati, ana atafika m'mamawa m'mimba muli mbee,
buku la sayansi limodzi anthu khumi ndi awiri
ataliunjirira ngati nyerere pa fupa?

Watsala Jafali Likaka.
Lachisanu lililonse sabwera, amakaitanira pa siteji,
mawu ake ndimawamva ndili m'kalasi: Limbe, Limbe, mmodzi yekha!
Masamu 39.
Yaperewera imodzi kuti alowe m'bokosi la okhoza.
Cholembera chaima m'mwamba, dzanja likundiyabwa,
palibe angadziwe, ngakhale mphaka ali pakhomoyu.
Koma kuona maso a nkhono n'kudekha.
Ndatsegulanso pepala lake, tsamba ndi tsamba,
ndipo kumapeto, m'mphepete mwenimweni,
funso lachisanu ndi chiwiri lomwe ndinaliyesa losayankhidwa
analisova mwa njira yake,
ngati akubweza chenji cha anthu anayi nthawi imodzi.
Njira si ya m'buku. Yankho ndi lomwelo.

Makumi anayi ndi imodzi.

Foni yatsala pang'ono kuzima.
Ndadzaza mabokosi atatu aja, ndasaina, ndadinda deti.
Kunsi kwa pepala kwatsala kampata koyera
kosakwana chala chachikulu.
Ndalembapo ndi pensulo, mwina adzafufuta:
Ndaziona Mpinganjira, sayansi,
akanapeza 90.